Sosi wa raspberry akutuluka wamadzimadzi, wotuwa komanso wowawa: cholakwika n'chiyani?

Naphiri

Moni nonse. Ndikupempha nzeru pa sosi wa raspberry (tizipatso tofiira tonga mabulosi) wothira pa keke ya tchizi ndi pa ayisikirimu. Muyeso womwe ndikutsata ndi uwu: zipatso makapu awiri, shuga theka la kapu, madzi kapu imodzi. Zonse zimalowa mu bulenda, kenako ndimawiritsa mphindi 20 mupoto wa aluminiyamu, n'kusefa.

Mavuto ndi atatu. Sosiyo amayenderera pambale ngati madzi. Kufiira kwake kumazilala n'kusanduka kotuwirako. Ndipo ukameza, kukamwa kumatsala kakuwawa kena kamene shuga akulephera kukaphimba. Kodi ndithiremo sitachi ya chimanga kuti alimbe? Nanga zipatso zamufiriza zingagwire ntchito mofanana ndi zongothyola kumene?

Kondwani

A Naphiri, sitachi musaithamangire kaye. Chimene chikuwononga sosi wanu poyamba ndi kapu ya madziyo.

Raspberry ndi chipatso chamadzi kale: pa magalamu 100 alionse, pafupifupi 85 ndi madzi. Makapu awiri a zipatso amalemera magalamu pafupifupi 250, kutanthauza kuti muli kale madzi opitirira mamililita 200. Mukathiranso kapu yathunthu, madzi mwawachulukitsa kawiri. Ndiye mphindi 20 zija mukuzitayira kuphwetsa madzi amene mwathira nokha, ndipo nthunzi ikamakwera imatenganso fungo la chipatso. Fungo labwino lomwe limadzaza m'khitchini pamene poto akuwira nthawi yaitali, limenelo ndiye limayenera kukhala mu sosi.

Yesani muyeso uwu, ndipo ngati muli ndi sikelo igwiritseni ntchito. Raspberry ndi wamphako pakati, choncho kapu imanama: zipatso zikuluzikulu zimadzaza msanga, zophwanyika zimalowa zambiri.

Zipatso magalamu 500, shuga woyera magalamu 100, madzi a mandimu supuni yaikulu imodzi, yomwe ndi mamililita 15, ndi kamchere kongotsina ndi zala ziwiri. Madzi ayi.

Sankhani zipatso kaye. Chilichonse chochita nkhungu tayani, pamodzi ndi zimene zinagundana nacho ngati zafewa, chifukwa chimodzi chokha chimanunkhitsa poto yense. Tsukani mwachangu musefa, osaviika, chifukwa mphako ija imasunga madzi. Zikadontha, sakanizani ndi shuga ndi mchere mupoto momwemo, n'kuzisiya mphindi 20 kapena 30 osayatsa moto. Shuga amakoka madzi m'chipatso, ndipo mudzapeza pansi pa poto pali kale madzi ofiira okwanira kuti zisapserere. Ngati nthawi yavuta, thirani madzi masupuni aakulu awiri okha n'kuyamba kuphika.

Poto akhale wotakata komanso wochindikala pansi. Kutakatako n'kofunika kwambiri: madzi amaphwa msanga pamalo aakulu, choncho sosi amalimba asanapse mopitirira. Ikani pamoto wapakatikati, muzitakasa pang'onopang'ono. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi zipatso zimagwa zokha n'kuyamba kubwata m'mbali. Chepetsani moto, zibwate mofatsa mphindi zina zisanu, mukuzikanikiza ndi kumsana kwa supuni. Nthawi yonse pamoto isapitirire mphindi 10. Thovu lotuwa likasonkhana pamwamba, lichotseni ndi supuni ngati mukufuna sosi wonyezimira. Phulani, sefani akadali wotentha, ndipo mandimu muthire pomaliza. Pa muyeso umenewu mupeza sosi pafupifupi mamililita 350.

Pali chinthu chimene chimapusitsa anthu ambiri: sosi wotentha amaoneka wamadzimadzi nthawi zonse. Amalimba akamazizira, chifukwa cha shuga uja ndi pekitini, chinthu cha m'chipatso chimene chimalimbitsa jamu. Choncho musamuweruze ali pamoto. Ikani sosala mufiriza mukamayamba kuphika. Mukasefa, donthezani supuni yaing'ono ya sosi pasosala yozizirayo, dikirani mphindi imodzi, n'kudutsa chala pakati. Njira ya chala ikatseka pang'onopang'ono, sosi wafika. Ikatseka nthawi yomweyo, bwezerani wosefayo pamoto mphindi ziwiri kapena zitatu, muyesenso. Ikapanda kutseka n'komwe, pamwamba pakuchita makwinya, ndiye mwafika pa jamu. Thiranimo madzi otentha supuni imodzi imodzi mpaka amasuke.

Za shuga: magalamu 100 pa 500 ndi poyambira chabe. Zipatso zimasiyana kuwawasa. Pa keke ya chokoleti yotsekemera kale, magalamu 75 akukwana, chifukwa ntchito ya sosi pamenepo ndi kudula kutsekemera. Pa zipatso zowawasa kwambiri mukhoza kufika 125. Yambani ndi wochepa, mulawe pasosala yozizira ija, chifukwa chinthu chozizira chimamveka chosatsekemera kwenikweni poyerekeza ndi chotentha. Mukapyola magalamu 125 aja shuga amaphimba chipatso, n'kutsala manyuchi ofiira opanda dzina.

Nabanda

Zomwe anena a Kondwani za madzi n'zoona. Ine ndiyankhe za mtundu ndi kuwawa, chifukwa zimenezo zili ndi magwero ake ena.

Kufiira kwa raspberry kumachokera ku mtundu wa m'chipatso wotchedwa anthocyanin. Mtundu umenewu umawala pamalo a asidi, ndipo chipatsochi chili ndi asidi wokwanira, pH yake (muyeso wa mphamvu ya asidi) ili pakati pa 3 ndi 4. Koma asidi yemweyo amadya aluminiyamu ndi chitsulo wamba. Tizidutswa ta chitsulo tikasungunukira mu sosi timagwirana ndi mtundu uja, kufiira n'kupita kobiriwira motuwa, ndipo pakamwa pamamveka kachitsulo. Ndiye poto wanu wa aluminiyamu, a Naphiri, asungireni ntchito zina. Gwiritsani ntchito wachitsulo chosachita dzimbiri, kapena wokutidwa ndi enamelo amene sanasupuke. Yang'ananinso sefa ndi supuni. Sefa yakale yoyamba dzimbiri imachita zomwezomwezo, ngakhale poto akhale wabwino.

Chachiwiri ndi kutentha kwa nthawi yaitali. Anthocyanin amawonongeka akakhalitsa pamoto, ndipo sosi amayamba kudera ngati njerwa. Zikatero palibe chobwezera. Mandimu amathandiza kuwalitsa mtundu umene ulipo, koma sangadzutse umene wafa kale.

Ndichenjezenso za soda. Ena amathira kasoda pofuna kuchepetsa kuwawasa. Musayese. Asidi akachepa, sosi amachita thovu n'kusanduka wotuwa mobiriwira pamaso panu pomwepo. Kuwawasa kumachepetsedwa ndi shuga ndi kamchere, osati soda.

Tsono kuwawa. Muyang'anitsitse raspberry mmodzi: si chipatso chimodzi, koma timipira tambirimbiri tolumikizana, ndipo kalikonse kali ndi kanjere kake. Tinjere timeneti tili ndi tanini, chinthu chomwe chimawawa n'kumanga lilime. Tikakhala tathunthu sitivuta. Bulenda ikathamanga nthawi yaitali imatiswa, kuwawako n'kutulukira mu sosi, ndipo tizidutswa tating'ono timadutsa m'maso a sefa n'kumamveka ngati mchenga m'mano. Pa sosi wophika bulenda siyofunika n'komwe, moto umaphwanya zipatso zokha. Ngati mwaiumirira, ingoigundani kawiri kapena katatu, sekondi imodzi imodzi, pa liwiro lotsika.

Kusefa nako kuli ndi kachitidwe kake, ndipo apa ndi pomwe kulimba kwa sosi kumapezeka kapena kutayika. Tengani sefa ya maso ang'onoang'ono, ikhazikeni pambale yakuya. Musakhuthule zonse nthawi imodzi, gawani patatu. Zungulizani ndi kumsana kwa supuni yotungira msuzi, mukukanikiza mwa mphamvu yapakatikati. Poyamba mumatuluka madzi okhaokha. Anthu ambiri amasiyira pamenepo n'kutaya zotsala, osadziwa kuti ataya mnofu wa chipatso, umene ndiwo umalimbitsa sosi. Pitirizani mpaka musefa mutsale njere zomatana, zooneka zouma. Ndipo musaiwale kupala kunsi kwa sefa ndi supuni yoyera: phala lofiira lomwe limakangamira kumeneko ndilo lolimba kuposa lonse. Njere zikangouma, lekani. Kuzikhutiza kwambiri pawaya kumabweretsanso kuwawa komwe mukuthawa.

Nsalu yosefera musaigwiritse ntchito pano. Imagwira mnofu wonse n'kukupatsani madzi ofiira okhaokha, abwino pa chakumwa koma osakhazikika pa keke.

Kukonda kwanga, sindichotsa njere zonse pa sosi wothira pa ayisikirimu. Ndimabwezeramo supuni imodzi ya zosasefa, kuti wodya adziwe kuti akudya chipatso chenicheni. Koma pa zosalala ngati keke ya tchizi, sefani zonse.

Naphiri

Zikomo kwambiri a Kondwani ndi a Nabanda, zamveka bwino. Ndifunsenso ziwiri. Pamwamba pa keke ya tchizi ndikufuna sosi woti ukadula keke asatsikire m'mbali, akhale pomwepo. Ndipo wosakaniza mkati mwa ayisikirimu, kuti pazioneka mizere yofiira, amauma gwa ngati madzi oundana. Kodi muyeso womwewu ungakwanire zonsezi?

Chikondi

Ayi, sungakwanire. Sosi wa a Kondwani ndi maziko, wothira pamwamba nthawi yodya. Ziwiri mwatchulazi zimafuna kuti mumusinthe, ndipo chilichonse mwa njira yake.

Ndiyambe ndi sitachi, chifukwa ndikuona kuti yakanidwa mopitirira. Ili ndi malo ake. Ngati mukufuna sosi wokhazikika pamwamba pa keke koma wofewa, wotengeka ndi supuni, sitachi ya chimanga imagwira bwino ntchito. Pa mamililita 250 a sosi wosefa, tengani masupuni aang'ono awiri osadzaza mulu, pafupifupi magalamu 5. Isungunuleni m'madzi ozizira supuni yaikulu imodzi mpaka ikhale ngati mkaka. Mukaithira youma mu sosi wotentha, kunja kwa ufawo kumapsa nthawi yomweyo n'kutsekera wouma mkati, ndiye mibulu imeneyo, ndipo siisungunuka ngakhale mutakase bwanji. Sosi akayamba kubwata, thirani pang'onopang'ono mukutakasa. Poyamba adzachita mbuu, kenako adzayamba kunyezimira ndi kulemera pasupuni. Kuyambira pomwe wabwatanso, werengani mphindi imodzi n'kuphula. Mukaphula msanga, pamamveka ufa wauwisi. Mukachedwa, asidi wa chipatso pamodzi ndi moto zimadula sitachi ija, sosi n'kubwerera kukhala wamadzimadzi. Ndi chifukwa chake sitachi imalowa pomaliza, osati poyamba.

Kuipa kwake n'kuwiri. Imazimitsa mtundu pang'ono, ndipo siigwirizana ndi firiza: mukasungunula, sosi amalekana, madzi pawokha, zolimba pazokha. Sitachi ya tapioca (ya chinangwa) kapena ya arrowroot (ya mizu ya chomera china) imapereka sosi wowala kwambiri ndipo imapirira firiza bwinoko. Koma arrowroot safuna kuwira nthawi, akangolimba, phulani.

Ngati mukufuna pamwamba podulika ndi mpeni, pokhala ndi m'mphepete mowongoka, yankho ndi jelatini, ufa wolimbitsa zamadzi wochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Pa mamililita 250 a sosi, jelatini waufa supuni yaing'ono imodzi, pafupifupi magalamu 3. Muwazeni pamwamba pa madzi ozizira masupuni aakulu awiri, musiyeni mphindi zisanu afufume. Tenthetsani sosi mpaka afike madigiri 50 kapena 60 a Celsius, kutentha koti chala sichingakhalitsemo koma sakubwata. Phulani, thirani jelatini, takasani mpaka pasaoneke kambewu kalikonse. Musamuwiritse jelatini atalowa, mphamvu yake yogwira imachepa. Mwayi wake, raspberry alibe vuto lija la chinanazi chachiwisi kapena kiwi, zomwe zimalepheretsa jelatini kugwira.

Nthawi yothira ndi imene imavuta. Keke ikhale itazizira kotheratu, makamaka yogona mufiriji, ndipo ikhale ikadali m'chitini chake kuti khoma la chitini ligwire sosi. Sosi azizire mpaka asamamveke wotentha kapena wozizira pakhungu. Akakhala wotentha amasungunula pamwamba pa keke, n'kutuluka mizere yoyera mu sosi. Akazizira kwambiri amayamba kugwira ali m'mbale, ndipo amagwa mabulumabulu osayalika. Ngati pamwamba pa keke pali timadontho ta madzi, tipukuteni ndi pepala la m'khitchini, apo ayi sosi amatsetsereka osamata. Thirani pakati, pendeketsani chitini kuti afalikire, n'kubwezera mufiriji maola awiri kapena atatu. Podula, mpeni muuviike m'madzi otentha ndi kuupukuta nthawi iliyonse.

Kwa osadya jelatini pali agar, wochokera ku zomera za m'nyanja, koma kachitidwe kake n'kosiyana: ameneyu amayenera kuwira mphindi ziwiri kuti asungunuke, ndipo amagwira akadali wofunda, choncho mumathira mwachangu.

Za ayisikirimu, vuto ndi madzi ochuluka pa shuga wochepa. Shuga amatsitsa mlingo umene madzi amaundanira, ndiye sosi wa shuga wambiri amakhalabe wofewa mufiriza pomwe wa shuga wochepa amasanduka mwala. Pa zipatso magalamu 500 kwezani shuga afike magalamu 200, ndipo mukasefa mubwezere pamoto mpaka afike madigiri 102 kapena 103. Jamu amagwira pa 104 mpaka 105, ndiye inu muime pang'ono musanafike. Mukachotsa magalamu 50 a shugayo n'kuikapo manyuchi a glucose, mizere imafewa kwambiri popanda kutsekemera mopyola. Sosi ameneyu mukamulawa yekha adzaoneka wotsekemera kwambiri, koma mu ayisikirimu amakhala bwino.

Muzizitseni mufiriji kaye. Musamuthire m'makina opangira ayisikirimu, apo ayi zonse zidzangosanduka pinki. Yalani ayisikirimu m'kontena, donthezani sosi, yalaninso ayisikirimu, chonchobe mpaka pamwamba, n'kudutsitsa mpeni kamodzi kokha. Mizere idzaoneka yokha pokapa.

Sosi wolimba yemweyu ndi amene amayenera pa mizere ya keke ya tchizi yolowa mu uvuni. Wamadzimadzi amamira, ndipo pamene wadutsa keke imang'aluka.

Limbani

Funso la zipatso zamufiriza silinayankhidwe, ndipo lili ndi mbali ya thanzi yofunika kuidziwa.

Pa kakomedwe, zamufiriza n'zabwino kwambiri pa sosi, nthawi zina kuposa zongogula zosazizitsa, chifukwa zimathyoledwa zitapsa n'kuumitsidwa mufiriza mwamsanga. Kuundana kumaswa timatumba ta madzi m'chipatso, choncho zimatulutsa madzi zokha osafuna kuzisiya mu shuga. Muyeso ndi womwewo polemera. Ziikeni mupoto zili zoundana choncho, pamoto wochepa mpaka zisungunuke, kenako mukweze moto. Muwonjezere mphindi ziwiri kapena zitatu pa nthawi ija. Ngati mwazisungunula m'mbale, madzi ofiira otsala pansi musataye, ndimo muli mtundu ndi kakomedwe. Koma ngati m'paketi muli chipale chambiri choyera, chichotseni, amenewo ndi madzi chabe.

Pa thanzi: firiza siipha mavairasi. Zipatso zamtunduwu zogulitsidwa zoundana zakhala zikukhudzidwa ndi miliri ya norovirus (kavairasi kosanzitsa ndi kotsekula m'mimba) ndi hepatitis A (matenda a chiwindi) m'maiko angapo a ku Ulaya, ndipo bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ireland limalangiza kuti zipatso zamufiriza zochokera kunja aziziwiritsa mphindi imodzi asanadye. Ndiye pa zamufiriza zogula, sosi awire ndithu, kubwata kwenikweni poto yense, osati kungofunda. Njira ya a Kondwani ikukwaniritsa kale zimenezi. Izi n'zofunika kwambiri ngati odya ndi ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera kapena odwala.

Ndanena izi chifukwa palinso sosi wosaphika, amene ophika amamutcha coulis, ndipo kwa ine ndiye wokoma kuposa onse zipatso zikakhala zabwino. Ndi wamtundu umene umathiridwa pa Peach Melba, mapichesi ndi ayisikirimu wa vanila zimene Auguste Escoffier anakonza ku London polemekeza woimba wa ku Australia, Nellie Melba. Zipatso zatsopano zakupsa bwino magalamu 300, shuga wosalala wa icing magalamu 50, mandimu supuni yaing'ono imodzi. Shuga wa icing ndiye woyenera chifukwa amasungunuka popanda moto. Wamba amatsala akulumika m'mano. Phwanyani ndi foloko, siyani mphindi 15, sefani monga afotokozera a Nabanda. Amakhala womasuka kuposa wophika, koma fungo ndi mtundu wake palibe wophika amene angafikepo. Ameneyu mupange ndi zipatso zatsopano zotsukidwa bwino zokha, ndipo adyedwe pasanathe masiku awiri.

Kasungidwe ka wophika: m'botolo lagalasi loyera, lotsukidwa ndi madzi otentha n'kuuma, lotseka bwino. Azizire kaye, koma asakhale panja kupitirira maola awiri. Mufiriji ya madigiri 4 kapena kutsika amakhala masiku asanu, mwina kufika sabata. Si jamu, shuga wake ndi wochepa woti sangamuteteze pashelefu. Muzitunga ndi supuni yoyera nthawi zonse. Mukaona timathovu tikukwera tokha, fungo ngati la mowa, kapena kadontho ka nkhungu, tayani botolo lonse, osangochotsa pamwamba.

Mufiriza ya madigiri 18 pansi pa ziro amakhala bwino miyezi itatu kapena kuposerapo, ngakhale fungo limayamba kuchepa. Njira yosavuta ndi kumuthira m'thireyi yopangira madzi oundana, akauma n'kusamutsira timabuloko m'thumba lotseka, kuti muzitenga zokwanira mbale imodzi. Mukagwiritsa ntchito botolo, siyani mpata wa masentimita awiri pamwamba chifukwa amafufuma. Sungunulani mufiriji usiku, n'kutakasa bwino. Ngati mukudziwa kuti mudzafuna sitachi kapena jelatini, sungani sosi wopanda zimenezo, mudzathire tsiku logwiritsa ntchito.

Vanila, khungu la lalanje lopala kapena kamowa kotsekemera, zonsezi zilowe mutaphula, ndipo pang'ono. Sosi wotentha musamusakanize ndi mkaka kapena kirimu wopepuka, asidi amaudula n'kuchita magawamagawa. Azizire kaye, ndipo mumupinde mofatsa mu kirimu wokhuthala womenyedwa kale.

Kondwani

Ndiwonjezere pa madigiri amene apereka a Chikondi. Manambala amenewo ndi a malo otsika, kumene madzi amawira pa madigiri 100. Mukakwera mamita 300 alionse, madzi amawira pa digiri imodzi yocheperapo. Choncho amene ali pamalo okwera mamita 1,200 akadikira kuti sosi afike 103, adzapeza kuti wadutsa kale jamu ndipo wayamba kupserera pansi. Wiritsani madzi wamba kaye, muone pomwe choyezera kutentha chanu chaima, n'kuwonjezerapo madigiri awiri kapena atatu. Nsonga ya choyezera isagunde pansi pa poto, chifukwa pamenepo n'potentha kuposa sosi weniweniyo. Pendeketsani poto kuti sosi asonkhane mbali imodzi, muyeze pakati pake.